Nsapato za pa Khwekhwerere

Munthu amene sadakwerepo phiri la Khwekhwerere ndi njinga yosenza katundu sangadziwe kutalika kwa mtunda umene mwini njinga amayenda pansi. Msewuwu umachokera ku Golomoti, m'chigwa cha kunyanja, nukwera mokhotakhota mpaka ku Masasa, kumene umakumana ndi msewu waukulu wa M1. Potsika, njinga imathamanga yokha, ntchito nkutsalira mabuleki. Koma pokwera ndi dengu la usipa pakaliyala, ngakhale mwamuna wadzitho amatsika, nagwira handulo ndi dzanja lamanzere, lamanja kuchishalo, nayamba kukankha.

Mkulu wina wogulitsa nsomba, wokhala kufupi ndi Masasa, adayenda ulendo umenewu zaka zambiri atavala nkhwayira zodula ku tayala la galimoto. Zinali zosakongola, koma sizinkaterereka ndipo minga inkangothyokera momwemo. Chomudandaulitsa chinali chakuti zingwe zake zinkamutulutsa matuza m'nyengo yotentha, pamene m'mamawa wa mwezi wa June chisanu cha ku Dedza chinkamuumitsa zala.

Tsiku lina lamsika adaona pa mulu wa kaunjika nsapato zoyera, zopepuka ngati chikwatu cha chimanga.

"Madala, izi ndiye za njinga zenizeni," adatero mnyamata wogulitsayo. "Amavala ndi akatswiri a mpikisano."

Mnyamatayo sadaname, ndipo apa mpamene padagona tsoka. Nsapato zamtunduwu zidapangidwira munthu amene satsika panjinga kufikira mpikisano utatha. Pansi pake ndi pouma ngati thabwa, kuti mphamvu yonse ya mwendo ipite kupedulo. Kunsi kwa zala amamangako ndi zomangira zitatu kachipangizo kapulasitiki kamene kamakola pa pedulo yakeyake. Mapedulo otere adatchuka ndi kampani ya Look ya ku France m'chaka cha 1984, ndipo mu 1985 Bernard Hinault adapambana nawo mpikisano wa Tour de France. Koma kachipangizoko kamatukula zala m'mwamba, kotero kuti wovala akatsika amayenda ndi zidendene ngati bakha. Nchifukwa chake mu 1990 kampani ya Shimano ya ku Japan idatulutsa mtundu wina wotchedwa SPD, umene kachitsulo kake kamabisala m'kati mwa mphira, kuti opalasa m'mapiri azitha kuyenda pansi. Za mkulu uja zinali zamtundu woyambawo, ndipo njinga yake ya Hero inalibe ngakhale pedulo yoti zikolepo. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Potsika ku Golomoti zonse zidayenda bwino, ndipo anzake adamusirira. Pobwerera, dzuwa lili paliwombo, adafika pamene phiri limayamba kuuma mtima, natsika kuti akankhe. Wokankha njinga pachitunda amaponda ndi zala, phazi nkupindika. Nsapatozo zidakana kupindika. Chidendene chinkatuluka ndi kubwerera, chikunyuka khungu. Pa khona lina, popatukira galimoto, adaponda timiyala ta m'mphepete mwa phula, pulasitiki ija nkutsetsereka. Adagwa chogwada, njinga pamwamba pake, usipa uli mbwee mumchenga. Adatola umene adatha kutola, koma usipa wamchenga ndani angaugule pa mtengo wabwino? Mpamba wa sabata imeneyo, umene phindu lake adawerengera kuti ligule yunifolomu ya mwana, udathera pamenepo. Mtunda wotsalawo adaukwera wopanda nsapato, phula likuwotcha, nsapato zoyera zija zikulendewera kukaliyala.

Bondo litapola, adapita nazo kwa mmisiri wosoka nsapato pakhonde la sitolo. Mmisiriyo adayesa kupinda imodzi ndi manja awiri, napukusa mutu.

"Achimwene, inu mumapalasa theka, theka mumayenda. Izi ndi za munthu wopalasa basi."

Kenaka adatola nsapato zingapo zakale nayamba kumuonetsa. Ina idapindika pakati penipeni ngati patapata. Yotere imakulunga pedulo, ndipo pofika madzulo m'kati mwa phazi mumawawa ngati waponda mwala tsiku lonse. Yoyenera ndi imene imalimba kuyambira kuchidendene mpaka pakati, koma nkulola kupindika pamene zala zimayambira. Pansi pake pakhale mphira wamizeremizere, wogwira pedulo yonyowa ndi dothi lomwe, ndipo chidendene chikhale chachifupi. Za zingwe mmisiriyo adanenetsa: zikhale zazifupi, nsonga zake zolowetsa m'kati, pakuti chingwe cha kuphazi lamanja chikakodwa m'tcheni, munthu amagwa asadadziwe chimene chamugwetsa. Adamulangizanso kuti ayese nsapato madzulo, mapazi atafufuma ndi ulendo, osati m'mawa.

Mkuluyo adabwerera kukaunjika dzuwa litapendeka. Adasankha nsapato zachikopa zofiirira, zosatiwitsa maso, zimene wina aliyense ankazilambalala. Asadalipire, adazivala nakwera chulu cha kuseri kwa msika, natsika, nakweranso, anyamata ogulitsa akufa nacho chikhakhali. Mmisiri uja adazisokera kachidutswa kopyapyala ka tayala kunsi.

Zoyera zija adazipachika kudenga la khitchini, kumene utsi udazidetsa. Lolemba lotsatira adalawirira tambala woyamba, kutsikira ku Golomoti ndi mpamba wobwereka kwa mlamu wake.