Za Pochapira pa Anthu Ambiri

Ife amene tiphunzitsa ana a m'minda ya tiyi ya ku Thyolo tikhoza kudziwa tsiku la sabata poyang'ana malaya a ana athu. Lolemba afika oyera. Pofika Lachinayi makolala afiira ngati katondo. Ndipo m'miyezi ya June ndi July, pamene chiperoni chibwera kuchokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique nichikhala masiku atatu osachoka, ena afika atavala zonyowa, pakuti malaya ali amodzi ndipo sanaume. Munthu wosadziwa adzanena kuti amayi awo ndi aulesi. Si ulesi ayi. Mayi wothyola tiyi alawira mame asanakamuke, dengu lili kumsana, ndipo kuyambira December kufikira April, tiyi akamaphuka ndi mvula, abwera kunyumba dzuwa litapendeka. Tsiku lake lochapa ndi limodzi, ndipo ndi lomwelo la anzake onse a m'malaini.

Tiyi anayamba kubzalidwa m'boma lino mu 1908, ndipo antchito ambiri anali Alomwe ochokera ku Mozambique. Ofika m'fakitale azizwa ndi dongosolo lake: tsamba lilowa khomo lina, lifota, lipekesedwa, liumitsidwa, ndipo lituluka khomo lina osabwerera m'mbuyo. Koma zochapa za anthu othyola tsambalo zinasiyidwa kumtsinje, pamwala, monga zinalili kale.

M'maiko ena anaganizira chinthu ichi. Mu 1934, ku Fort Worth m'dziko la America, munthu wina anatsegula nyumba yokhala ndi makina ochapira angapo, kuti osakhoza kugula awoawo azilipira pang'ono ndi kuchapa. Lero nyumba zotere zilipo zambiri, ndiponso zipatala zazikulu zili nazo. Makinawo sangoikidwa chiikireni. Aimikidwa mumzere, misana yawo kukhoma, kumene kudutsa paipi ya madzi ndi ngalande imodzi yotsetsereka. Kumbuyoko asiya mpata woti wokonza adutse osasuntha kanthu. Sopo wamadzi akhala m'zigubu pamalo amodzi, ndipo timapampu tating'ono timkoka ndi kumtumiza m'timapaipi ku makina aliwonse, muyeso wake womwewo, kotero kuti dzanja la munthu silichulukitsa kapena kuchepetsa. Mankhwala oyeretsa a klorini ali ndi pampu yakeyake, pakuti akasakanizika ndi mankhwala owawasa atulutsa mpweya wakupha. Ndipo m'chipatala nsalu zakuda zilowa mbali ina, zoyera zituluka mbali ina, zosakumana panjira.

Wina adzati, Aphunzitsi, mutiuziranji za makina, ife tilibe ndi magetsi omwe? Tiyankha kuti makinawo sitiwasirira kwambiri; chimene tisirira ndi nzeru ya kuika chinthu chilichonse pamalo pake, ndipo nzeru imeneyo sifuna magetsi.

Taonani mjigo wathu. Pampu ya Afridev imene tipopa m'midzi yambiri inabadwa ku ntchito yoyamba kuyesedwa m'Malawi muno m'zaka za m'ma 1980, ndipo ndi chida chabwino. Koma pitani Lamulungu m'mawa. Wina atunga madzi akumwa, ndowa yake ili yosavundikira. Pambali pake penipeni mnzake asansa matewera. Wachitatu atsukuluza zofunda za wodwala, thovu lake liyenderera pansi pa mapazi a ana, nilidikha pafupi ndi mjigo, kumene likhoza kulowa pansi ndi kubwerera m'madzi omwewo. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko lathu, ndipo njira yake ndi iyi: chotuluka mwa wodwala kufika m'madzi a wamoyo.

Tsono komiti ya mjigo itenge chingwe ndi zikhomo, iyese malo monga ayesa omanga nyumba ya makina. Pochapira pasenti pakhale kumunsi, kumapeto kwa ngalande, osati pakamwa pa mpopi. Madzi ake agwere m'dzenje lodzaza miyala, kapena apite ku nthochi. Chimbudzi chitalikire mamita 30. Ngati mabanja ali ambiri, malo ochapira akhale angapo mumzere, ndipo lakumunsi kwenikweni likhale la matewera ndi nsalu za odwala lokha, ndi beseni lake losabwereketsa. Nsalu za munthu wotsegula m'mimba ziyambe zaviikidwa m'madzi a klorini kunyumba zisanafike pagulu. Za sopo tinenepo mwachidule: thovu lambiri si ukhondo, ndipo chivundikiro cha botolo chikhoza kukhala muyeso wathu, monga kapampu kaja. Sopo wochuluka adya ndalama, adyanso madzi otsukuluzira, amene mwana wamkazi ndiye awapopa.

Chovuta koposa ndi nthawi. Tamva mipingo ikudandaula kuti amayi achedwa ku mapemphero, ndipo ena adzudzulidwa pamaso pa anthu chifukwa chochapa tsiku lopatulika. Ife tiyesa kuti akulu a mpingo asanadzudzule ayambe awerenga: malaini a nyumba 40, pochapira pamodzi, tsiku limodzi. Kuno mipingo ina ipembedza Loweruka, monga a ku Malamulo, ina Lamulungu. Komiti yanzeru ikhoza kugawa masiku awiriwo kuti mzere uchepe ndi theka, ndipo anyamata a sukulu, amene manja awo sali odwala, achape mayunifomu awo Lachisanu madzulo.

Chatsala ndi poyanika. Nsalu yoyalidwa paudzu itola litsiro, ndipo ntchentche ina iikira mazira pansalu yonyowa, amene asanduka mphutsi m'khungu la mwana ngati nsaluyo sisitidwa. Tipempha eni minda, amene adziwa bwino kuumitsa tsamba m'nyengo ya chinyezi, kuti pa malaini aliwonse amange chisakasa cha malata chopanda makoma, chokhala ndi mawaya asanu ndi limodzi, June asanafike.