Gusheshe ya achimwene ndi kamba wake

Kuno ku Katlehong, BMW 325i ya mtundu wa E30 amaitcha Gusheshe, dzina limene ambiri amaligwirizanitsa ndi mneni wa Chizulu wakuti shesha, kufulumira. Achimwene anga anaitsitsa yawo podula masipuling'i, ndipo matayala am'mbuyo anapendekeka n'kuyamba kudyeka cham'kati. Alayimenti alipira kawiri pachabe, pakuti pa E30 fakitale sinaike posinthira kumbuyoko.

Makaniko wathu, wochokera ku Mangochi, akamafotokoza matendawa mayina ngobwereka: shoko, bushi. Koma aneni ngathu enieni: ikukoka, ikunjenjemera, ikugogoda. Kupendekeka kuja, camber, iye amati kamba. Achimwene anaseka, poti galimoto yaliwiro yagwidwa ndi kamba. Matayala atsopano atatha m'miyezi itatu, anakafunsa mtengo wa masipuling'i osadula.