Monet ndi Thamanda Lace

Claude Monet anabadwira ku Paris m'caka ca 1840, koma anakulira ku Le Havre, m'mbali mwa nyanja. Kumeneko mmisiri wina, Eugène Boudin, anamturutsa m'nyumba, namphunzitsa kujambula panja, maso ali pa mitambo ndi madzi. Kuyambira pamenepo cimene Monet analondola ndico kuwala kumene kugwa pa zinthu. Nco cifukwa cace mu 1890 ndi 1891 anajambula miulu ya tirigu imodzimodziyo kawirikawiri, m'mawa, madzulo ndi m'nyengo ya cisanu. Pakuti kwa iye mulu wa m'mawa sunali mulu wa madzulo.

Mu 1883 anasamukira ku mudzi wa Giverny. Zitapita zaka 10 anagula kadambo pafupi ndi nyumba yace, napempha cilolezo ca kupatutsa kamtsinje kuti akumbe thamanda. Eni mudzi anadandaula, amvekere maluwa acilendowo adzaipitsa madzi akumwa ng'ombe zao. Mau aowo sanali opusa, popeza mlimi ayamba waganizira ziweto. Komabe cilolezo cinaperekedwa. Akakombo a m'thamandamo anawajambula pa zithunzi ngati 250.

Tsoka linadza ndi ukalamba. Mkazi wace waciwiri, Alice, anamwalira mu 1911, mwana wace Jean mu 1914, ndipo pakati pa maliro awiriwa, mu 1912, sing'anga anampeza ndi ng'ala m'maso onse awiri. Kunali ngati kumlanda mlimi khasu mvula itagwa. Mitundu inasokonezeka, zinthu zinayamba kumuonekera zacikasu ndi zofiirira, kotero kuti posankha utoto anali kudalira maina olembedwa pa zotengera zace. Mpeni wa sing'anga anauopa, nazengereza zaka zambiri, kufikira bwenzi lace Georges Clemenceau linamuumiriza, ndipo diso la kumanja analicita opareshoni mu 1923. Zithunzi zina zimene sizinamkondweretse anaziononga yekha.

Nkhondo itatha mu 1918 analonjeza kupatsa dziko la France zithunzi zazikuru za thamandalo, koma kuzipereka kunamkanika. Anangozikonzabe, osakhutira nazo, mpaka imfa inampeza pa 5 December 1926, ali ndi zaka 86. Anthu anaziona mu May 1927 ku Orangerie, mu Paris, zitazinga makoma a zipinda ziwiri zoumbika ngati dzira. Pa zithunzizo malekezero a thambo saoneka. Mitambo iri m'madzi momwemo, pakati pa akakombo.