Kagalasi Kamene Kanandidyera Chigoli cha Mng'ono Wanga

Anzanga a kunyanja, makamaka inu amene mwayamba kugwira kamera, pezani pokhala chifukwa uthengawu ndi wautali. Sabata yathayi anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi: "Aise, teleconverter ija ndigule?" M'malo moyankha mmodzimmodzi, ndati ndingolemba zimene zinandichitikira ine, kenako aliyense aone yekha chochita ndi ndalama zake.

Ambiri mukudziwa kuti ndine mwana wa msodzi wa ku Msaka. Ababa akhala pa chilimira kuyambira ndisanabadwe, ndipo zaka zambiri anali siginala, uja amakhala m'bwato ndi nyali kuitana usipa usiku wa mdima. Ine nyanja inandikana. Boti likangodumpha mafunde awiri, nsima yonse yabwerera. Ndiye ndinagwira kamera. Ndi DSLR yakale yogula kwa munthu, pamodzi ndi lenzi ya 70-300mm f/4-5.6. Ndimajambula zinkhoswe ndi maukwati, koma mtima wanga uli pa mpira.

Vuto la mpira ndi mtunda. Bwalo limatalika mamita 100 kapena kuposerapo. Ukaima kuseri kwa golo imodzi, zochitika ku golo inayo zimaoneka ngati nyerere zikulimbirana njere ya mpunga. Ndinkasirira anthu aja timawaona pa TV atakhala m'mbali mwa bwalo ndi malenzi aakulu ngati mtondo, a 400mm f/2.8 kapena 600mm f/4. Nditaona mitengo yake ndinangoseka ndekha, chifukwa lenzi imodzi imaposa injini yatsopano ya boti.

Kenako ndinamva za teleconverter. Ndi kagalasi kokwana m'dzanja, kamene umamanga pakati pa kamera ndi lenzi. Ntchito yake ndi kukulitsa gawo lapakati la chithunzi chimene lenzi yabweretsa. Ka 1.4x kamasandutsa 300mm kukhala 420mm. Ka 2x kamaisandutsa 600mm. Nditawerenga zimenezo tulo sindinatione. 600mm, ine, mwana wa ku Msaka! Msuweni wanga wa ku Johannesburg anati wapeza ka 2x kogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo atha kupatsira munthu wobwera pa basi.

Ndalama ndinalibe. Munali mu June, mwera uli pachimake, maboti akugona kumtunda masiku angapo motsatizana. Nthawi imeneyo kupempha msodzi ndalama kuli ngati kumupempha magazi. Komabe ndinapita. Ndinawapeza ababa akusoka ukonde pansi pa mtengo.

"Iwe, chinthucho chibweza ndalamayo?"

"Chibweza ababa. Mwezi sukwana."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analowa m'nyumba n'kutenga ndalama imene anasungira ulusi ndi mafuta a injini.

Chimene chinandithamangitsa n'choti kunali fainolo ya bonanza, ndipo mng'ono wanga ankamenya nambala 9. Kochi wina wa timu ya m'tauni anali atamuuza kuti atumize zithunzi zooneka bwino ali m'bwalo. Mwanayo anandidalira. Anauza anzake onse kuti achimwene agula chida chojambula ngakhale thukuta la pamphuno uli kutsidya.

Kagalasi katafika ndinakayesa masana dzuwa lili paliwombo, pa boti loima phee panyanja. Lenzi inazengereza pang'ono koma inagwira, mpaka dzina lolembedwa pa botilo linawerengeka. Ndinawaonetsa ababa, anagwedeza mutu. Kulakwa kwanga koyamba kunali komweko: ndinayesa pa chinthu chosayenda, nthawi ya kuwala kochuluka, pamene ndinkafuna kukajambula anthu othamanga madzulo.

Tsiku la fainolo mpira umayenera kuyamba 2:30. Mukudziwa za kwathu, unayamba itatsala pang'ono 4 koloko. Miyezi yozizira dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, ndipo tsiku limenelo kunali mitambo. Ababa, amene masana amagona pokonzekera usiku, anabwera kudzaonera. Sindikumbuka tsiku lina limene anaponda pa bwalo la mpira.

Tsopano mvetsetsani apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Teleconverter siipereka mtunda mwaulere, imalipiritsa kuwala. Ka 1.4x kamadya theka la kuwala kolowa mu kamera. Ka 2x kamasiya gawo limodzi lokha mwa magawo 4. Lenzi yanga ikafika pa 300mm imakhala f/5.6, ndiye nditamanga ka 2x inasanduka f/11. Kuti uimitse munthu wothamanga pa chithunzi umafuna shata ya 1/1000. Pamene ndikanajambula pa 1/1000 ndi ISO 800 popanda kagalasi, tsopano ndimayenera kusankha: kutsitsa shata kufika 1/250 osewera n'kumatuluka ngati utsi, kapena kukweza ISO kufika 3200 chithunzi n'kudzaza timadontho ngati mchenga. Chigawo chachiwiri mdima utayamba, ndinali nditachita zonse ziwiri ndipo sizimakwanabe.

Chachiwiri ndi autofocus. Makamera ambiri akale a DSLR amafuna lenzi ya f/5.6 kapena yotseguka kuposa apo kuti alondole bwino chinthu. Ena okwera mtengo amafika f/8, kawirikawiri pa malo apakati okha. Ine ndinali pa f/11. Lenzi inkangopita kutsogolo n'kubwerera, zzz, zzz, ngati munthu wofufuza machesi mumdima.

Chachitatu sindinachiganizeko n'komwe. Pa 600mm, ndi kamera ya sensa yaing'ono ngati yanga, munthu akakhala pa mamita 50 umaona malo osakwana mamita 2 m'lifupi. Wosewera akangotembenuka, watuluka m'chithunzi. Umamufunafuna, ukuona udzu, miyendo ya munthu wina, thambo. Ndipo mpira ukabwera pafupi sungabwerere mokwanira, chifukwa 70mm yako yasanduka 140mm. Manja nawo akanjenjemera pang'ono, kagalasi kamakulitsa kunjenjemerako kawiri.

Mukhoza kufunsa kuti bwanji sunangochotsa? Ndinaganiza zimenezo pa hafu taimu. Koma ababa anali ataima chapafupi, ndipo ndinachita manyazi kuti aone chinthu cha ndalama yawo ya ulusi chikulowa m'chikwama. Manyazi amenewo ndi amene anandipweteka.

Kutatsala mphindi 6, zigoli zili 1-1, tinapeza kona. Ndinaona ndi diso lakumanzere mng'ono wanga akuthawa womulonda. Anadumpha, mutu, ukonde gwedee! Bwalo lonse linaphulika. Ine chala chili pa batani, lenzi ikungolira zzz, zzz. Zithunzi zinatuluka zitatu. Choyamba chinali chobiriwira chokhachokha. Chachiwiri, msana wa munthu wosadziwika. Chachitatu, chinthu chonga mzukwa wovala jezi yofiira. Kamnyamata kena kamene kanaima pafupi ndi golo ndi foni yosweka sikirini kanajambula chigolicho bwino kuposa ine.

Mng'ono wanga anathamangira kwa ine thukuta lili kamukamu. "Achimwene, tione!" Ndinamuuza kuti batire yatha. Linali bodza, ndipo anadziwa. Masiku awiri sanandiyankhule.

Usiku umenewo ndinawapeza ababa padoko akukonza nyali. Sanakalipe. Anangoti ndiwafotokozere bwinobwino chimene chinachitika, ndipo ndinafotokoza zonse, mpaka za f/11. Manambalawo sanawamve, koma nkhani anaimva.

"Ndiye unagula mtunda, n'kulipira ndi kuwala?"

"Eya ababa."

"Nanga unaona siginala akuyatsa nyali ali pamchenga kuti usipa umutsate? Timayamba tapalasa kufika pamene uli."

Pa 6 July kunali mpikisano wa mabwato padoko lathu. Ndinali nditakonza zokaima kumtunda ndi kagalasi kanga, koma ababa anandidzutsa kusanache bwino. Anati lowa m'bwato. Ndinakana, ndinati ndisanza. Anati sanza, nyanja ndi yaikulu. Anapalasa mpaka pafupi ndi pokhotera opikisanawo, n'kuimitsa bwato moti dzuwa linali kumsana kwanga. Iwo ankadziwa kuti pokhota m'pamene mabwato amathithikana, nkhafi zimagundana, anthu amakuwa. Ndinachotsa teleconverter n'kuiika m'thumba. Ndinajambula cha pa 200mm, shata 1/1600, ISO 400. Madontho a madzi ochoka pa nkhafi anaima m'malere, limodzilimodzi. Mitsempha ya m'manja mwa opalasa inkaoneka. Ndinasanza kawiri, koma zithunzi za tsiku limenelo opalasa anagula, ndipo theka la ngongole ndinabweza ndi zimenezo.

Ndiye amene mukufunsa ngati mugule, yankho langa ndi ili.

Yambani mwaona nambala ya f pa lenzi yanu pamene yatalika kotheratu, muchulukitse ndi 1.4 kapena 2. Ikapitirira 5.6 ndipo kamera yanu ndi DSLR yakale, ndalamayo gulirani batire ina ndi memori khadi. Teleconverter inapangidwira malenzi otseguka kwambiri. Lenzi ya 300mm f/4 ndi ka 1.4x imakhala 420mm f/5.6, ndipo imagwira bwino masana. Ya 70-200mm f/2.8 ndi ka 2x imakhala 140-400mm f/5.6. Makamera atsopano a mirrorless amatha kulondola chinthu ngakhale kuwala kuchepe, koma kuwala kodyedwako sikubwerera, ISO imakwerabe.

Dziwaninso kuti si kagalasi kalikonse kamene kamalowa pa lenzi iliyonse. A Canon ndi a Nikon amapanga awo oti azigwira pa malenzi ena okha, chifukwa galasi lake lakutsogolo limatulukira n'kulowa kumbuyo kwa lenzi. Mukakakamiza, magalasi agundana. Funsani musanatumize ndalama.

Kagalasi kamakulitsa chilichonse, chabwino ndi choipa chomwe. Lenzi ikakhala yosathwa kwenikweni pa 300mm, pa 600mm imafooka kwambiri. Masana mchenga ukatentha, mpweya uja umavinavina pamwamba pake nawonso umakula, ndipo chithunzi chakutali chimaoneka ngati chili m'madzi. Nthawi zambiri ndi bwino kujambula popanda kagalasi, chithunzi chituluke chakuthwa, kenako n'kuchidula pa kompyuta kapena pa foni. Cha pa WhatsApp ndi Facebook sichifuna kukula kwambiri.

Musamange kapena kumasula kagalasi pamchenga mwera ukuwomba. Kamera ikatseguka, fumbi limalowa mpaka pa sensa. Ine ndinalipira munthu kuti atsuke.

Ndipo chachikulu, yendani. Sankhani golo imene timu yanu ikumenyera, khalani pansi kuseri kwa mzere pakati pa golo ndi kona, dzuwa likhale kumsana kapena chammbali. Za ku golo inayo zisiyeni, simungagwire zonse. Mpira wa pamchenga ndiye musavutike n'komwe, bwalo lake ndi la mamita 36 basi, 200mm ikukwanirani.

Mng'ono wanga tinagwirizananso. Patatha masabata atatu ndinamujambula pa masewero ena, nditakhala pafupi ndi kona, ali m'malere akulimbirana mpira ndi difenda. Chimenecho ndi chimene tinatumiza kwa kochi uja. Koma chigoli cha fainolo chilipo pa foni ya kamnyamata kaja kokha, ndipo akafuna kuchionetsa anzake amakapempha kumeneko. Zimandiwawabe.

Kagalasi sindinagulitse. M'mawa kukawala bwino ndimakamanga, kamera n'kuitsamiritsa pa thandala, kujambula nkhwazi itatera pamtengo kapena maboti akubwera kuchokera kutali. Pamenepo kamagwira ntchito yake. Ababa akandiona amangofunsa kuti, "Lero kuwala kulipo kokwanira kulipira?" Kenako amandikumbutsa za theka latsala lija.

Tumizirani mnzanu amene akusunga ndalama ya teleconverter, awerenge asanalipire.