Sitima ya ku Joni

Mwana wa mlongo wanga, wa zaka 6, misala yake ndi sitima. Loweruka lina ndinamtenga ku Chimwankhunda, ulendo wa ku Limbe. Tinayamba tatsika pa Chichiri, kumyuziyamu, komwe chisitima chamakedzana chinangoti duu pabwalo. Anachizungulira katatu, n'kuchigogoda ndi kachala.

"Amalume, ichi n'chakufa. Tiyeni kuli zamoyo."

Ku Limbe tinaima kunja kwa siteshoni, dzuwa likuswa mtengo. Ine ndiye kudzionetsa kuti kusukulu ndinapitako: njanji inafika m'Blantyre muno mu 1908, kuchokera ku Nsanje. Mwana uja phee, maso kunjanji. Patatha ola, mutu wa sitima unatulukira ukukoka mabogi a katundu. Anawawerenga onse, koma osasekerera.

"Nanga ya ku Joni ifika nthawi yanji?"

Apa mpomwe ndinazindikira chimene tinadzera. Bambo ake anakwera basi pa Wenela zaka 3 zapitazo, ndipo chaka chatha foni inaleka kulira. Sitima yochokera ku Johannesburg kuno kulibe, koma pakamwa panga panauma.

"Lero yachedwa," ndinatero, ndikumgulira chimanga chootcha.

Anachithyola pakati. Chinacho anasunga m'thumba.