Mpunga wa ku Karonga ndi netiweki ya pa Chikangawa

Aliyense wolemba mapulogalamu a pa intaneti m'dziko muno azikwezedwa basi ya kumpoto asanalipidwe. Pulogalamu imene yangoyesedwa mu ofesi ya ku City Centre, momwe netiweki imakhala yodzaza ndipo jenereta imadzuka yokha magetsi akazima, ine sindiiwerengera kuti yayesedwa.

Amene anandiitana ndi gulu lina la alimi a mpunga wa Kilombero ku Karonga. Wogula wawo wamkulu amakhala ku Lilongwe. Iye amafuna kuona thumba lililonse likangotsika pa sikelo, alimi nawo amafuna kuona mtengo akangousintha. Munthu amene anawapangira pulogalamu yoyamba anaika tsamba lomadzitsegulanso lokha pakapita masekondi ochepa. Bandulo ya mwezi inkatha mwezi usanafike pakati, ndipo netiweki ikagwedera tsamba linkangoyera mbee, zonse zimene kalaliki walemba n'kupita. Ndalama za alimi zinapita pa chinthu chotere!

Vuto lake lili pa mmene masamba wamba amagwirira ntchito. Browser imafunsa, seva n'kuyankha, nkhani yatha. Seva singayambe yokha kulankhula. Zili ngati mwana womangothamangira kukhitchini kukafunsa ngati nsima yapsa, pamene mayi akanatha kungomuitana. Njira ya WebSocket, imene bungwe la IETF linakhazikitsa mu 2011, imatsegula mzere umodzi n'kuusiya wotsegula, kuti aliyense mwa awiriwo alankhule akakhala ndi mawu. Ine ndinagwiritsa ntchito Socket.IO, laibulale imene Guillermo Rauch wa ku Argentina anayamba mu 2010. Mbali yake ya mu browser ndi yaing'ono, ndipo ntchito yambiri imagona pa malamulo awiri: emit potumiza, on pomvetsera.

Nditamaliza, ndinakwera basi ya kumpoto kuti ndikaiyese. Za pa Mponela ndi Kasungu palibe choti ndinene. Pa Jenda anatitsitsa pa rodibuloko, anthu n'kugula tomato ndi mbatata. Nkhani inayamba titalowa m'nkhalango ya Chikangawa. Laputopu inali pamaondo, ikudya intaneti ya foni, mnzanga ku Lilongwe akunditumizira mitengo yoyeserera. Kadontho kobiriwira ka pa tsamba kanafiira. Ndinapitiriza kulemba matumba ongopeka, lina pambuyo pa linzake. Laibulale ija sinadandaule. Inasunga mauthenga onse, n'kumayesa kulumikizanso: imadikira pafupifupi sekondi imodzi, kenako imatalikitsa pang'onopang'ono osapyola masekondi 5, ndipo siitopa. Basi itakwera chitunda china, kadontho kanabiriwira, matumba onse n'kupita mwa ndondomeko yake, popanda ine kukhudza kanthu.

"Achimwene, mwalandira ndalama kodi?" anafunsa mayi amene ndinakhala nawo mpando umodzi, poona mmene ndinkasekerera. Ndinawauza kuti makina andisangalatsa. Anangopukusa mutu n'kundigawira nthochi.

Ku Mzuzu ndiye ndinapsa mtima. Bungwe lina limene limabwereketsa ndalama kwa alimi aja linkafunika kumaona ziwerengero zomwezo. Mkulu woyang'anira makompyuta awo anandisiya pa benchi m'mawa wonse, iye ali pa foni. Atandilowetsa, ndinamufotokozera kuti netiweki ya mu ofesi yawo ikutchinga WebSocket. Sanadzutse n'komwe nkhope. "Kuno malamulo ake ndi amenewo, bambo. Kalembeni kalata." Ndinafunsa kuti kalatayo ipite kwa ndani. "Kwa ine." Munthu amene analembedwa ntchito kuti azitsegula njira, wakhala pampando n'kumanyadira kuitseka, pamene ngongole zimene zimamulipira malipiro ake zimabwezedwa ndi alimi omwewo.

Tsamba lija linagwirabe ntchito mu ofesi yake momwemo. Socket.IO imayamba ndi njira yakale ya long-polling: browser imafunsa, seva n'kuligwira funsolo mpaka itakhala ndi choyankha. Ikaona kuti WebSocket ikudutsa imasamukira kumeneko, ikakanika imakhala pomwepo. Ziwerengero zinkafika ndithu, ngakhale njira imeneyi imadya bandulo yochulukirapo. Kalata sindinalembe.

Titatsika mapiri a Chiweta, nyanja ili kumanja, kutentha kwa Karonga kunatilandira tisanafike. Ntchito yeniyeni inali pa sikelo, pansi pa shedi ya malata, pomwe kalaliki, mayi wofatsa wa magalasi, amalemba pa foni yosweka galasi. Apa ndiye pofunika kuidziwa bwino laibulaleyi, chifukwa netiweki imatha kufa mwakachetechete. Seva imagogoda pa masekondi 25 aliwonse n'kudikira yankho kwa masekondi 20. M'kati mwa nthawi imeneyo foni ikhoza kuganiza kuti mzere uli moyo pamene unaduka kale, ndipo uthenga wotumizidwa pamenepo ukhoza kutayika. Socket.IO payokha silonjeza kuutumizanso. Batire likatha kapena tsamba likatsekedwa, zimene inasunga zimapitanso.

Thumba la makilogalamu 50 ndi fizi ya mwana, silingasowe chifukwa cha mphepo. Choncho thumba lililonse ndinalipatsa nambala yakeyake, n'kulisunga kaye mu foni. Limaoneka lachikasu mpaka seva itavomera kuti lafika, ndipo seva imakana kulandira nambala imodzi kawiri. Mbali ya mtengo nayo ili ndi msampha wake: seva simusungira mauthenga munthu amene sali pa mzere. Kuyambira mu 2023 Socket.IO ili ndi njira yobwezera zimene zadutsa, koma ngati sunasinthe imangofika mphindi 2, ndipo kumpoto kuno netiweki imatha kusowa nthawi yoposa pamenepo. Ndinakonza zoti foni ikangolumikizanso, choyamba izifunsa mtengo wa nthawi imeneyo.

Agogo ena amene anabweretsa matumba pa njinga anaima pambali pa kalaliki, chipewa chili m'manja. "Mwananga, lafika ku Lilongwe?" Mayi aja anawaonetsa mzere wachikasu. Anadikira limodzi, maso ali pa foni, mpaka unabiriwira. "Lafika, agogo." Apo m'pamene anavala chipewa n'kukatenga thumba lachiwiri.

Masana a tsiku lomaliza wogula uja anakweza mtengo. Unaonekera nthawi imodzi pa mafoni a masikelo onse a gululo, kalaliki n'kuulengeza mokweza, uthenga n'kufalikira pa mzere wonse wa njinga ndi ngolo. Mavenda amene anaima panja pa mpanda, omwe m'mawa uja ankauza anthu kuti mpunga watsika ku tauni, anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Kwa zaka zambiri mlimi wakhala womalizira kumva mtengo wa mbewu yake, ndipo ena akhala akudyera pa kuchedwa kumeneko. Mzere wolankhula mbali zonse ziwiri umachotsa kuchedwako, ndipo ndikufuna kuuona pa sikelo iliyonse yogulira fodya, soya ndi mtedza m'dziko muno.