Boyizikota Idasanduka Chipinda cha Cholembera



Makomo ambiri m'matauni mwathu, kaya ku Ndirande, ku Chinsapo kapena ku Mangochi, ali ndi kanyumba kuseri kamene timakatcha boyizikota. Ena amaikamo munthu wa lendi, ena amangounjikamo njinga zakufa ndi mipando yothyoka. Kathu kadali khitchini ya agogo, makoma ali bii ndi mwaye. Ramadhan ino tidaganiza zokasandutsa malo oti ana athu ndi anzawo a ku madrasa aziphunziriramo khatt, luso lolemba Chiarabu mokongoletsa.

Si onse pabanja adakondwa nazo. Achimwene athu aakulu adati: "Inu, kanyumba aka mutakakonza n'kuikamo munthu, fizi ya ana simungamaivutikire." Sadaname ayi. Ndalama ya lendi ikadatithandiza mwezi ndi mwezi, ndipo taitaya tikudziwa. Koma mtsikana wathu wamkulu wakhala akulembera pathebulo lodyera, ndipo nthawi ya futali ikakwana amachotsa mapepala ake inki isadaume. Luso lililonse limafuna pamalo pamene ntchito ingagone usiku osasunthidwa.

Tidakumbukiranso kuti kulemba si chinthu chachilendo m'chipembedzo chathu. Chivumbulutso choyamba chidatsikira kwa Mtumiki Muhammad (SAW) m'phanga la Hira m'mwezi wa Ramadhan, cha m'ma 610, ndipo ma ayah oyambawo, a mu Surah Al-Alaq, akutchula cholembera. Surah ya nambala 68 dzina lake ndi Al-Qalam, kutanthauza cholembera. Alembi a Mtumiki, monga Zaid bin Thabit (RA), ankalemba pa zikopa, pa mafupa, pa miyala yaphanthiphanthi ndi pa nthambi za kanjedza. Analibe zipinda zapamwamba, koma ntchito yawo tikuiwerengabe pa Taraweh usiku uliwonse.

Ntchito yokonza tinkaigwira kuchokera pa Fajr mpaka dzuwa litayamba kuswa mtengo, chifukwa munthu wosala sangalimbane ndi fosholo masana. Poti ndi nthawi ya mvula, sitidavutike kupeza pamene malata akudontha. Tidasintha awiri, tidachotsa phaso lodyedwa ndi chiswe, n'kuzira pansi ndi simenti kuti chinyezi chisamakwere, pakuti chinyezi ndiye mdani wa pepala. Tidakulitsa zenera ndi kupaka makoma laimu kuti m'kati muziwala popanda magetsi. Mashelefu tidawakhoma m'mwamba, chifukwa pepala lokhala ndi dzina la Allah siliikidwa pansi. Pangodya tidasiyapo malo a mkeka woswalira, moyang'ana ku Qibla, chakumpoto kupendekera pang'ono kum'mawa.

Tisadapake laimu, tidapala mwaye wa m'makoma n'kuusunga m'botolo. Alembi akale inki yawo ankaipanga ndi mwaye, utomoni wa mtengo ndi madzi. Choncho utsi wa moto umene agogo ankaphikira daku wa zaka zambiri lero ndi umene zidzukulutudzi zawo zikulembera alifu. Zolembera nazonso sitidagule. Ndi bango louma, losongoledwa ndi mpeni, nsonga yake yodulidwa mopendeketsa. Katswiri wa ku Baghdad, Ibn Muqla, amene adamwalira mu 940, adakhazikitsa njira yoyezera chilembo chilichonse ndi kadontho kamene nsonga ya bango imasiya papepala. Mwana amabwereza chilembo chimodzi tsamba lonse mpaka chitafika pa muyezo. Kumeneku ndi kupirira kofanana ndi kumene swaumu imatiphunzitsa.

Tsopano Asr ikatha, nthawi imene njala imaluma kwambiri ndipo ana ambiri amangogwira foni kudikira adhana, mumakhala ana asanu kapena asanu ndi mmodzi atawerama pamapepala. Wina amalemba, wina amasema bango, wamng'ono kwambiri amatsuka ubao. Achimwene aja adabwera Lachisanu lapitali, adayang'ana nthawi yaitali, kenako adafunsa mdzukulu wawo ngati angawalembere dzina lawo.

Abale ndi alongo athu, si banja lililonse lingakwanitse kusiya ndalama ya lendi, ndipo palibe mlandu pamenepo. Koma ngati muli ndi kachipinda kongosungira akangaude, ndipo pakhomo pali mwana wodziwa kusoka kofia, kulemba ndakatulo kapena kujambula maluwa, masiku otsalawa ndi okwanira kusesamo ndi kuikamo thebulo. Allah alandire kusala kwathu, ndipo adalitse manja a ana athu. Ameen.